Mpweya wa pa Nyika ndi Injini Yopanda Mapisitoni

Lero tikamba za magalimoto, ndipo ndineneretu kuti ena mwa magalimoto amene nditchule mwina sanapondepo msewu wa kwanu ku Rumphi. Musatseke wailesi. Nkhaniyi ikukhudzanso lole yonyamula malasha, ambulansi ya pachipatala chanu, ndi kagalimoto kamene mphwanu wakhala akukaloza pa foni usiku uliwonse kuti akaitanitse ku Japan.

Dalaivala wa m'boma la Rumphi amadziwa chinthu china chimene mnzake wa ku Nsanje sangachizindikire msanga. Galimoto imene imakoka bwinobwino m'mphepete mwa nyanja, ku Chitimba kapena ku Chiweta, ikafika pamwamba pa Nyika imagwa ulesi. Mumaponda mafuta mpaka phazi kugunda pansi, iyo n'kumangolira osapita. Ambiri amathamangira kunena kuti mapulagi atha, kapena kuti anawathirira mafuta oipa. Kawirikawiri galimotoyo imakhala ilibe mlandu. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pamene pamalekezera madzi a nyanja zamchere. Chelinda ali pa mamita pafupifupi 2,300, ndipo nsonga ya Nganda, pa Nyika pomwepo, imapitirira 2,600. Kuchoka kunyanja kukafika ku Chelinda mwakwera pafupifupi makilomita awiri kuloza kumwamba, ndipo mpweya wa kumeneko si umene munausiya ku Chiweta.

Injini imafuna mpweya wambiri kuposa mafuta. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse yonse, pamafunika mpweya wolemera makilogalamu pafupifupi 15. Mukamakwera phiri mpweya umanka nupepuka, ndiye pisitoni ikatsika kuti ikoke, imadzaza silinda ndi mpweya wochepa kuposa wa kuchigwa. Akatswiri amawerengera kuti injini yodzikokera yokha mpweya imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a mphamvu zake pa mamita 100 alionse amene yakwera. Werengani nokha. Pofika ku Chelinda, gawo limodzi mwa magawo asanu latsala panjira. N'chifukwa chake galimoto yakale ya dizilo imafuka utsi wakuda bii ikamalimbana ndi zitunda za kuseri kwa Thazima: dizilo akulowa mokwanira, koma mpweya woti amuwotche waperewera, ndiye amatuluka ku ekizozi ali mwaye.

Mankhwala a vuto limeneli Aphoka a m'mapiri a Rumphi, amene anatchuka ndi kusungunula chitsulo ndi kusula makasu, anawadziwa kalekale. Makala ongowasiya amayaka mwaulemu. Mukawapopera mpweya ndi mvukuto, makala omwewo amafewetsa chitsulo. Turbo ndi mvukuto wa injini. Kusiyana kwake n'kwakuti palibe mwana wopopa. Amapopa ndi utsi womwe injiniyo yataya.

Mukaigwira m'manja turbo ya galimoto yaing'ono, mupeza zigoba ziwiri zopiringizika ngati za nkhono, chimodzi chachitsulo chadzimbiri, china cha aluminiyamu chowala. M'chigoba chadzimbiricho muli kagudumu ka mapiko kamene kamakankhidwa ndi utsi wotentha wochokera mu injini. Kagudumuko kali pa shafiti yowonda ngati pensulo, ndipo ku mapeto ena a shafitiyo, m'chigoba chowala chija, kuli kagudumu kena kamene kamayamwa mpweya wa panja n'kuupanikizira mu injini. Shafitiyo imazungulira maulendo opitirira 100,000 pa mphindi imodzi, ndipo siikhudza chitsulo chinzake: imayandama pa oyilo wopyapyala kuposa pepala. Kaphokoso ka likhweru kamene mumamva malole a mafuta ochokera ku Dar es Salaam akamakwera makona a Chiweta, kudutsa pafupi ndi mgodi wa malasha wa Mchenga, n'kameneko.

Nzeruyi anailembetsa ndi injiniya wa ku Switzerland, Alfred Büchi, mu 1905. Koma chimene chinaitchukitsa ndi phiri. Mu 1918 Sanford Moss wa kampani ya General Electric ku America anakweza injini ya ndege pamwamba pa phiri la Pikes Peak, mamita 4,300 m'mwamba. Kumeneko injini imene kuchigwa inkatulutsa ma horsepower oposa 350 inangotulutsa pafupifupi 230. Atailumikiza turbo, mphamvu zonse zinabwerera. Choncho turbo isanakhale chonyadira cha anyamata okonda liwiro, inali yankho la funso lomweli limene dalaivala wa ku Nyika amadzifunsa. M'magalimoto ogulitsa kwa anthu wamba inalowa mu 1962, m'magalimoto awiri a ku America, Oldsmobile Jetfire ndi Chevrolet Corvair, kenako BMW mu 1973 ndi Porsche mu 1975.

Lero turbo yatizungulira osadziwa. Land Cruiser yakale ija ya mabungwe ndi zipatala, ya injini ya 1HZ, ili ndi malita 4.2 opanda turbo ndipo imatulutsa ma horsepower pafupifupi 130. Hilux yatsopano ya malita 2.4 yokhala ndi turbo imatulutsa 150. Injini yocheperapo pafupifupi ndi theka, mphamvu zochuluka, ndipo pamwamba pa phiri siifooka kwambiri chifukwa turbo imangozungulira mothamangirapo kuti ikwaniritse mpweya umene wasowa. Komabe funsani madalaivala akale kuti pa ziwirizi angasankhe iti popita ku Hewe nthawi ya dzinja. Ambiri atchula yakale ija, ndipo sikuti ndi umbuli. Akudziwa kuti ikafa pathengo adzaidzutsa ndi sipanala.

Tsopano tibwere kwa opanga magalimoto a masewera, aja a mipando iwiri, otsika ngati agona pansi. Iwo ali ndi mdani mmodzi, kulemera. Galimoto yolemera imafuna injini yaikulu, injini yaikulu imafuna mabuleki aakulu, matayala aakulu ndi thanki yaikulu, ndipo zonsezo zimawonjezera kulemera komwe kuja. Pakona, kulemera kumakukokerani kunja kwa msewu. Pamtsetse, kumawotcha mabuleki. Kampani ya Lotus ku England itatulutsa Elise mu 1996, galimotoyo inkalemera makilogalamu 725 okha, pamene Probox imene imanyamula anthu pa Rumphi boma imapitirira tani imodzi isanakwere ndi munthu mmodzi yemwe. Ku Japan anapanga timagalimoto ta masewera ta injini ya 660 cc, kukula komweko kwa injini ya Mira kapena Alto: Suzuki Cappuccino mu 1991, Daihatsu Copen mu 2002, Honda S660 mu 2015. Tonseto tili ndi turbo, tonseto timatulutsa ma horsepower 64, malire amene makampani a kumeneko anagwirizana. Toyota inayesanso njira ina pa MR2 mu 1986, yopopa mpweya ndi supercharger, chipangizo chimene chimazunguzidwa ndi lamba kuchokera ku injini m'malo mwa utsi. Imeneyo imayankha nthawi yomweyo mukaponda, koma imadya zina mwa mphamvu zimene ikupanga.

Onsewa ankafuna chinthu chimodzi, mphamvu zambiri kuchokera m'chitsulo chochepa. Ndipo palibe amene analondola maganizo amenewa mpaka kutali kuposa anthu amene anachotseratu mapisitoni.

Felix Wankel anabadwa mu 1902 ku Germany. Sanaphunzire uinjiniya ku yunivesite, ndipo chifukwa cha vuto la maso sanakhalepo ndi laisensi yoyendetsera galimoto. Chinkamuvutitsa maganizo n'chakuti pisitoni imakwera, kuima, kutsika, kuima, maulendo zikwizikwi pa mphindi, pamene chimene tikufuna ndi gudumu lozungulira. Bwanji osapanga injini yoti chilichonse m'kati mwake chizingozungulira? Injini yake yoyamba inalira pa 1 February 1957 ku kampani ya NSU, ndipo injiniya wina wa pakampanipo, Hanns Dieter Paschke, anaisintha kukhala mtundu wosavuta kupanga umene tikuudziwa lero ngati rotary.

Pawailesi sindingakuonetseni chithunzi, ndiye tiyeni tiimange m'maganizo. Ikani pathebulo chitsulo chochindikala cha ngodya zitatu, mbali zake zitatu zotukukira kunja pang'ono, chachikulu moti muchinyamule ndi manja awiri. Pakati pake pali chibowo chokhala ndi mano a giya m'kati. Chimenecho ndiye rotor. Imakhala m'nyumba yake ya aluminiyamu imene m'kati mwake munasemedwa ngati nambala 8 yonenepa, ya chiuno chosaoneka bwino. Rotor ikamazungulira, ngodya zitatu zija sizichoka pakhoma, zimangokhula. Motero pakati pa rotor ndi khoma pamakhala zipinda zitatu zimene zikuyenda, uku zikukula ndi kuchepa. Chipinda china chikamakoka mpweya ndi petulo, china chimakhala chikupanikiza n'kuyaka, chachitatu chikutaya utsi. Zonsezi nthawi imodzi. Rotor ikazungulira kamodzi, shafiti yapakati imakhala itazungulira katatu.

Mulibe mavalavu, mulibe camshaft, mulibe timing belt yoti iduke usiku pa Phwezi. Mpweya umalowa ndi kutuluka pa mabowo a pakhoma amene rotor yomweyo imatsegula ndi kutseka podutsa. Injini ya ma rotor awiri ili ndi zitsulo zazikulu zoyenda zitatu basi: ma rotor awiriwo ndi shafiti. Ndi yaing'ono, ndi yopepuka, siinjenjemera, ndipo imakwera maulendo 8,000 kapena 9,000 pa mphindi popanda kudandaula. Wopanga galimoto angathe kuikankhira kumbuyo kwa magudumu akutsogolo, pansi penipeni, kuti galimoto ikhazikike pakona. Munthu akaiona koyamba itaphwasulidwa amafunsa kuti, nanga mapisitoni tikuvutikiranji nawo?

Yankho lili pa nsonga za ngodya zija. Pa ngodya iliyonse pali kachitsulo kotalika masentimita asanu ndi atatu, kochindikala mamilimita awiri kapena atatu, kotchedwa apex seal. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya ma ring a pisitoni, kutseka kuti mpweya wopanikizika usathawire m'chipinda chinzake. Koma ring imakhala yozungulira m'silinda yozungulira, yosambira mu oyilo. Apex seal imakhudza khoma pa kamzere kamodzi kokha, ikuthamanga kuchoka mbali yozizira ya nyumbayo kupita mbali imene moto suzima, n'kubwereranso. Kuti isapse, injiniyo ili ndi kapampu kamene kamadontheza oyilo m'chipinda choyakiramo moto. Mwamva bwino. Rotary imawotcha oyilo mwadala, ngakhale ili yatsopano.

Vuto lachiwiri ndi maonekedwe a chipinda choyakiramo. Ndi chachitali, chopyapyala, ndipo chikuyenda. Moto umavutika kufika kumapeto kwake, n'chifukwa chake rotor iliyonse ili ndi mapulagi awiri. Ngakhale zili choncho, petulo wina amatuluka wosapsa ndipo kutentha kwambiri kumathera m'makoma m'malo mokankha rotor. Zotsatira zake ndi ludzu losaneneka.

NSU inaika injiniyi m'kagalimoto kotchedwa Spider mu 1964, kenako mu Ro 80 mu 1967. Ro 80 inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ya chaka ku Ulaya, koma ma apex seal ake ankatha msanga ndipo kampaniyo inasauka ndi kusinthira makasitomala injini kwaulere. Mu 1969 inamezedwa ndi Volkswagen, ndipo zotsala zake zili m'kampani imene lero ndi Audi. Makampani ena akuluakulu, monga General Motors, Mercedes-Benz ndi Citroën, anailawa injiniyi n'kuisiya.

Amene anakana kuisiya ndi Mazda ya mumzinda wa Hiroshima. Inagula chilolezo mu 1961, pa nthawi imene boma la Japan linkafuna kuphatikiza makampani ang'onoang'ono a magalimoto, ndipo Mazda inkafuna chinthu chakechake choti ipulumukirepo. Mu 1963 Kenichi Yamamoto anapatsidwa gulu la mainjiniya 47 kuti athetse vuto la ma seal amene ankakanda khoma n'kusiya mizeremizere. Anayesa zipangizo zamitundumitundu mpaka anapeza msanganizo wa carbon ndi aluminiyamu, ndipo mu May 1967 Cosmo Sport inatuluka. Mafuta atakwera mtengo padziko lonse mu 1973, injini yaludzuyi inatsala pang'ono kuigwetsa kampaniyo. Apa Mazda inachita chanzeru: inasiya kuiika m'galimoto iliyonse, n'kuisungira makamaka malo amene ubwino wake umaposa kuipa kwake, galimoto yamasewera yopepuka. RX-7 yoyamba inatuluka mu 1978.

Rotary ndi turbo zimakondana, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Rotary imakhala yofooka ikamazungulira pang'onopang'ono. Mphamvu zake zili pamwamba. Turbo imadzaza mpata umenewo. Komanso utsi wa rotary umatuluka mwaukali, wotentha kwambiri, popanda valavu yoti iutchinge, ndipo utsi wotero ndi umene turbo imafuna. RX-7 ya mtundu wachitatu, imene inayamba kugulitsidwa ku Japan kumapeto kwa 1991, inali ndi ma turbo awiri ogwira ntchito motsatizana. Yoyamba inkayamba kupopa injini ikadali pansi, yachiwiri n'kulowerera pa maulendo pafupifupi 4,500. Injini yolembedwa 1,308 cc inkatulutsa ma horsepower 255, ndipo pomafika 2002 pamene anasiya kuipanga, inali pa 280, m'galimoto yolemera pafupifupi makilogalamu 1,300. Chaka chomwecho cha 1991, Mazda 787B ya ma rotor anayi, iyo yopanda turbo, inapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ku France, moyendetsedwa ndi Johnny Herbert, Volker Weidler ndi Bertrand Gachot. Inali galimoto yoyamba ya ku Japan kupambana kumeneko, ndipo panadutsa zaka 27 Toyota isanachite zomwezo mu 2018.

Ine RX-7 imeneyo ndimaiona ngati imodzi mwa magalimoto okongola kwambiri amene anthu anapangapo. Koma chikondi cha rotary ndi turbo chili ndi mwana wake, ndiye kutentha. Pansi pa boneti yake pali timapaipi tarabala tambirimbiri toyendetsa ma turbo awiri aja, ndipo zaka zikamapita timauma n'kumathetheka. Choopsa kwambiri ndi ichi. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndipo petulo wofooka akakumana ndi mpweya wotentha amaphulika yekha pulagi isanalamule. Injini ya mapisitoni ikachita zimenezi imalira ngati mwaponyamo timiyala, n'kukupatsani mpata wochotsa phazi. Rotary ya turbo nthawi zambiri siichenjeza. Kuphulika kumodzi kwamphamvu kumathyola apex seal, zidutswa zake n'kukanda khoma, n'kutuluka ndi utsi kukaphwanya mapiko a turbo. Masekondi awiri, ndalama za fodya wa chaka chonse zapita.

Pamenepa mpamene ndikufuna mphwanu uja wa pa foni atchere khutu. RX-7 yakwera mtengo kwambiri moti sangaifikire. Imene angaione yotchipa ndi RX-8, imene Mazda inapanga kuyambira 2003 mpaka 2012. Ili ndi zitseko zinayi, maonekedwe okopa, ndipo pa mapepala pamalembedwa 1.3. Munthu akaona 1.3 amaganiza za Vitz kapena Demio. Koma malinga ndi miyezo ya boma la America, m'tauni RX-8 imayenda makilomita pafupifupi 7 pa lita imodzi, ofanana ndi galimoto ya injini yaikulu kuwirikiza katatu. M'dziko limene takhala tikugona pamizere ya mafuta, chimenecho chokha n'chokwanira kuti munthu aganize kawiri. Komanso RX-8 ilibe turbo. Ndiye kuti pamwamba pa Nyika idzataya gawo lija limodzi mwa magawo asanu ngati galimoto ina iliyonse, pamene mphamvu zake zokokera pa giya yotsika zinali zochepa kale.

Ikatsika m'sitima ku Dar es Salaam, n'kulowa pa Songwe, kudutsa Karonga, makona a tara a pa Chiweta idzawakwera mosangalatsa, pamenepo sindikutsutsa. Ndi msewu wotero umene anaipangira. Koma mimba yake ili masentimita osapitirira 14 kuchokera pansi. Msewu wa Gorodi, uja wa makona pafupifupi 20 wokwera ku Livingstonia kuchokera ku Chitimba, umafuna galimoto yokoka mwamphamvu ikuyenda pang'onopang'ono pa miyala, ndendende chimene rotary siidziwa. Njira ya ku Vwaza nthawi ya fumbi, chimodzimodzi. Ndipo ili ndi khalidwe lina limene silipirira moyo wathu wa maulendo afupiafupi. Mukailiza m'mawa kukuzizira, kuisuntha pang'ono kuti ngolo idutse, n'kuizimitsa isanatenthe, petulo amanyowetsa mapulagi ndi makoma, ndipo ikhoza kukana kulira mpaka madzulo. Mu June ku Livingstonia kapena ku Nchenachena, m'mawa uliwonse ndi wozizira.

Nanga ikadwala? Amakaniko athu ndi anthu aluso, ndipo ndawaonapo akudzutsa injini imene eni ake ku Japan anaitaya kalekale. Koma luso lawo analiphunzira pa mapisitoni. Silinda ikakandika amaitumiza kukaboola, n'kuika pisitoni yokulirapo. Nyumba ya rotor ikakandika siiboolekanso. Khoma lake lili ndi chrome, ndipo chrome akasupuka mumagula nyumba ina. Masipeya ake simuwapeza pa shelefu ku Rumphi boma. Mudzadikira phukusi lochokera kunja, galimoto ili pamiyala, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo.

Ndiye maganizo anga ndi akuti rotary tiisirire, tiiphunzire, ndipo masukulu a ntchito zamanja ngati Livingstonia Technical College atakhala nayo imodzi yophwasula kuti ophunzira aione m'kati, zingakhale zabwino kwambiri. Koma amene ali ndi galimoto imodzi yokha, yoti ipite kumunda, kuchipatala ndi kumaliro, asaigule. Ngakhale Mazda yeniyeniyo, itaibweretsanso rotary mu 2023 m'galimoto ya MX-30, sinailumikize ku magudumu. Inaika rotor imodzi ya 830 cc kuti izingozunguza jenereta yotchajira batire, pa liwiro lokhazikika, pamene ludzu lake limachepako.

Turbo ndiye tilibe pothawira, tili nayo kale, ndipo tikuipha ndi manja athu. Pitani pagalaja iliyonse ya m'mbali mwa M1 muone zimene makaniko amachita galimoto ya turbo ikabwera ikufuka utsi wabuluu. Amamasula paipi yolowetsa mpweya, n'kupisa zala ziwiri, kugwira kamutu ka shafiti, n'kuigwedeza. Ikagwedera mpaka mapiko kukhudza chigoba, amangopukusa mutu. Kenako amayang'ana m'mphepete mwa mapikowo. Akakhala osongoka bwino, wapha turbo ndi oyilo. Akakhala odyekadyeka ngati anawapala ndi tupa, wapha ndi fumbi.

Za oyilo zili pawiri. Choyamba ndi oyilo wokalamba kapena wa m'mabotolo osadziwika kumene achokera. Kapaipi kopititsa oyilo ku turbo n'kopapatiza, ndipo litsiro likangokatseka shafiti ija imauma. Chachiwiri ndi chizolowezi. Dalaivala wakwera chitunda chonse cha Chiweta atalemedwa, turbo yafiira ndi moto, wafika pamalo opumira, n'kuzimitsa injini pompo. Pampu ya oyilo yaima, koma kutentha kukadali m'chitsulo, ndipo oyilo wotsalira pa shafiti amapserera n'kusanduka makala. Mphindi imodzi kapena ziwiri injini ikulira payokha zikanapulumutsa zonsezi. M'mawanso, musaiponde mwaukali isanatenthe.

Za fumbi, mdani ndi kompuresa. Fyuluta ya mpweya ikadzaza, anyamata a pagalaja amaipopera mpweya wamphamvu kuti iyere, n'kuibwezera. Imaoneka yoyera ndithu, koma pepala lake lang'ambika timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo mchenga wa ku Bolero ukudutsa kukakumana ndi mapiko othamanga maulendo 100,000 pa mphindi. Fyuluta yatsopano ndi yotchipa kuposa turbo kutalitali. Onaninso karediyeta kena kaja ka kutsogolo kotchedwa intercooler, kamene kamaziziritsa mpweya wochokera mu turbo usanalowe mu injini. Kakamatidwa ndi matope a dzinja, injini imapuma mpweya wotentha ndipo mphamvu zimatsika.

Palinso chizolowezi chimene chimandiwawa mtima, chochotsa thermostat galimoto ikangofika kuchokera ku Japan, ati chifukwa kuno n'kotentha. Kaya amene anayambitsa zimenezi anafikako ku Chelinda mu July, kumene udzu umachita chisanu choyera m'mawa, sindingamuyankhire. Injini yopanda thermostat imachedwa kutentha, imamwa mafuta ambiri, ndipo pamtsetse wautali imazizira mopitirira. Galimoto ikamawira, fufuzani rediyeta, fani ndi chivindikiro chake. Pamalo okwera madzi amawira msanga, ku Chelinda pa madigiri pafupifupi 92 m'malo mwa 100, ndiye chivindikiro chotha mphamvu chimene chimakukhululukirani kunyanja chidzakuyalutsani paphiri.

Pa nkhani ya petulo, wathu kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito. Ethanol payekha amathandiza petulo kupirira kupanikizidwa, chimene injini ya turbo imakonda. Woopsa ndi petulo wa m'zigubu wa nthawi ya kusowa kwa mafuta, amene simudziwa kuti wakhala masiku angati, wamwa madzi ochuluka bwanji, kapena wina wathiramo parafini. Parafini amafooketsa petulo kuti aziphulika msanga. Probox ikhoza kumeza zimenezo n'kungotsokomola. Kagalimoto ka 660 cc ka turbo, kodzaza anthu asanu ndi mmodzi ndi matumba a chimanga pamwamba, kakukwera ku Mphompha, sikangapirire. Anakapanga kuti kakhale kopepuka, ndipo turbo yake imagwira ntchito mwakalavulagaga mphindi iliyonse imene ife takasenzetsa katundu wa pick-up.

Tsono ngati mphwanuyo wamva zonsezi koma mtima wakana, akuifunabe RX-8, pali njira imodzi yoyesera imene siifuna chipangizo. Asakhutire poiona ikulira bwino m'mawa, chifukwa rotary yotha ma seal imalira mosavuta ikazizira. Aiyendetse mpaka itenthe bwinobwino, aizimitse, adikire mphindi zochepa, ailizenso. Ikachedwa kugwira, sitata n'kumangozungulira, ndiye kuti kompuresheni yatsika ndipo injiniyo ili pafupi kutsitsidwa. Geji wamba ya kompuresheni imanamiza pa rotary, chifukwa rotor iliyonse ili ndi nkhope zitatu zofunika kuziyeza payokhapayokha, ndipo manambala ake amayenera kukonzedwa molingana ndi kukwera kwa malo amene mwayezerapo: injini yomweyo idzaonetsa manambala otsikirapo ku Mzuzu kuposa ku Karonga. Galimoto imene ikadali ku Japan simungaiyese chilichonse mwa zimenezi, mukungoona zithunzi. Imene ili kuno, wogulitsa akakana kuti muizimitse itatentha, bwezani makiyi.